Njala ya ku Chikanda ndi mtengo weniweni wa digiri

Chaka chilichonse bungwe la National Council for Higher Education likatulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, m'midzi yambiri mumamveka nthungululu. Pakangopita milungu iwiri kapena itatu, nthungululu zija zimasanduka mapempho. Pa wayilesi, pa Facebook, m'matchalitchi ndi m'mizikiti mumamveka za mtsikana kapena mnyamata amene anakhoza bwino MSCE koma akusowa fizi. Anthu akufuna kwabwino amasonkha, wina amalipira chaka choyamba, chithunzi chimajambulidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ochepa ndi amene amatsatira mwanayo mpaka ku Zomba, ku Luwinga, ku Bunda kapena ku Ndata, kumene amafika atalipira fizi bwinobwino n'kupeza kuti pogona palibe ndipo za chakudya adzionera yekha. Kwa zaka zambiri mkangano wathu wa maphunziro apamwamba wakhala uli pa fizi, chifukwa fizi ili ndi nambala yodziwika imene munthu angailembe pachikwangwani popita ku zionetsero. Koma chimene chimagwetsa mwana wa mlimi pakati pa ulendo kawirikawiri ndi mimba ndi lendi. Boma ndi mayunivesite akafuna kuti mwana wosauka amene wasankhidwa afike pa tsiku lovala gauni, ndalama yothandizira ophunzira iyenera kuyamba yaona mbale ya nsima ndi bedi.

Kuti timvetse mmene tinafikira pano, tibwerere kumene zinayambira. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90. Chancellor College itasamukira ku Chirunga ku Zomba mu 1973, inamangidwa ndi maganizo akuti wophunzira aliyense azigona pasukulu pompo, azidya katatu ku kafiteriya, ndipo nkhawa yake ikhale mabuku okha. Zinkatheka chifukwa osankhidwawo anali ochepa kwambiri, ndipo kuchepa kwawoko kunali kupanda chilungamo kwa mtundu wina. Zitseko zinayenera kutseguka, ndipo zinatseguka. Mzuzu University inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, Bunda inachoka mu University of Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012, MUST inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Lero tili ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi. Vuto ndi lakuti kuwonjezera ophunzira kunali kosavuta kusiyana ndi kuwonjezera mabedi. M'kalasi ya anthu 50 mukhoza kulowetsa anthu 150, ena n'kumamvera ataima pazenera, koma chipinda cha hostelo chili ndi malire ake. Mu 2015 boma linasiya kupereka ndalama za mwezi ndi mwezi kwa ophunzira atsopano, ndipo chaka chomwecho lamulo linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Kuchokera pamenepo udindo wodyetsa ndi kugoneka wophunzira unachoka m'manja mwa sukulu n'kugwera pa iye mwini, pa makolo ake ndi pa ngongole.

Fizi nayo yakwera, ndipo palibe chifukwa chopeputsira vutoli. Mu 2016 University of Malawi italengeza kuti fizi ikwera kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000, ophunzira anapita m'misewu, makoleji anatsekedwa, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti achotsepo K50,000. Mu 2023 fizi m'mayunivesite ambiri a boma inafika pa K650,000 pachaka. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma mu 2024 anali K90,000 pamwezi, kutanthauza kuti mlonda kapena wantchito wa m'shopu ankayenera kugwira miyezi yoposa isanu ndi iwiri, osadya, osalipira nyumba, kuti akwanitse fizi ya mwana mmodzi. Komabe fizi ili ndi ubwino umodzi: imadziwika nthawi isanakwane, sisintha pakati pa semesita, ndipo wophunzira akapeza ngongole, bungwe limalipira mwachindunji ku yunivesite. Chakudya sichitero ayi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya ufa, mafuta ophikira, makala ndi sopo inathamanga tsiku lomwelo, pomwe ndalama ya wophunzira inadikira ndondomeko ya chuma ya chaka china. Mu 2024 ngongole yodyera ndi kulipirira malo ogona, imene ophunzira amangoitchula kuti upkeep, inakwezedwa kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Kukweza kumeneko kunali koyenera. Koma tiigawe ndalamayo pa miyezi isanu ndi itatu imene wophunzira amakhala pasukulu: inali K70,000 pamwezi, pafupifupi K2,300 patsiku. M'menemo muchoke lendi, chakudya, sopo, bandulo ya intaneti, kusindikiza ntchito za m'kalasi, ndi thiransipoti yopita ku Chitipa kapena ku Nsanje sukulu ikatsekera.

Aliyense amene amaidziwa Zomba amadziwa kuti gawo lalikulu la moyo wa University of Malawi lili ku Chikanda, dera limene lili pafupi ndi Chirunga. Mmenemo ndi m'madera onga amenewa ku Luwinga, ku Chitawira ndi ku Goliati, nyumba za mabanja zinagawidwa tizipinda, ndipo m'kachipinda kamodzi mumagona anthu awiri, atatu, mwina anayi. Eni nyumbawo sindikuwaimba mlandu, chifukwa anatseka dzenje limene boma linasiya, ndipo popanda iwo mayunivesite athu sakanatha kulandira ophunzira amene ali nawo lero. Koma palibe amene amayendera zimbudzi, madzi, mawaya a magetsi ndi maloko a nyumbazi m'dzina la wophunzira, ndipo lendi imakwera mmene mwini nyumba wafunira chifukwa ofuna malo ndi ambiri. Wogona kunja amatuluka mu laibulale dzuwa likamalowa poopa achifwamba m'njira, pomwe mnzake wa m'hostelo amawerenga mpaka usiku. Magetsi akazima, wa kunja alibe kothawira. Akabedwa laputopu, imene mwina abale anasonkherana, ntchito ya semesita yonse yapita. Chakudya chake ndi chodziwika: kamodzi patsiku, nsima ya nyama ya soya kapena bonya, nthawi yake n'kuisankha mochenjera kuti ikhale ya masana ndi ya madzulo pamodzi. Munthu wodya chotere akhoza kupirira mwezi umodzi. Zaka zinayi za masamu, malamulo kapena uinjiniya ndi nkhani ina.

Pali chifukwa chimene vutoli silionekera m'mabuku a mayunivesite. Wophunzira wanjala salembedwa kuti wasiya sukulu chifukwa cha njala. Amayamba ndi kujomba kalasi ya m'mawa chifukwa anagona ndi njala, kenako amajomba ya masana chifukwa wapeza ganyu yophunzitsa ana a sekondale kapena akugulitsa kaunjika. Amalephera phunziro limodzi, amalemba mayeso obwereza, amabwereza chaka, ndipo potsiriza kalata imati wachotsedwa chifukwa cholephera maphunziro. Pa pepala zimaoneka ngati nzeru zinamuchepera, chonsecho ndi mwana yemwe uja anaposa anzake zikwizikwi pa MSCE, mwinanso akuchokera ku sekondale yoyendera yopanda labu ndi laibulale. Ena amapempha kuti ayambe apuma chaka chimodzi kuti akasake ndalama, ndipo sabweranso. Kuchedwa kwa ngongole kumawonjezera moto. Sukulu ikatsegulira upkeep isanalowe, mwini nyumba sadikira, mimba sidikira, ndiye wophunzira amapita kwa akatapila. Ndalama ikamadzalowa mu akaunti, gawo lalikulu limakhala la eni ake kale. Kwa atsikana pali msampha wina umene tonse timaudziwa koma timaunena monong'ona: abambo a magalimoto amene amaima pafupi ndi sukulu madzulo a Lachisanu, ndi ena a m'kati mwa sukulu momwemo amene amagwiritsa ntchito udindo wawo molakwika. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo limafuna kuti m'sukulu za maphunziro apamwamba amuna kapena akazi asachepere 40 peresenti ya olembedwa. Koma kulowetsa atsikana ambiri pageti n'kuwasiya opanda pogona potetezeka ndi kukwaniritsa lamulo pa chiwerengero chokha.

Pali anthu oganiza bwino amene amatsutsa zonsezi, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yolemera. Amati dziko limene ana a pulayimale akuphunzirabe pansi pa mtengo, chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, silingaike ndalama zambiri pa anthu ochepa amene afika ku yunivesite, amenenso mawa adzalandira malipiro oposa a anzawo. Amakumbutsa kafukufuku wa World Bank amene anapeza kuti pafupifupi 9 mwa ophunzira 10 aliwonse a maphunziro apamwamba m'Malawi ankachokera m'mabanja olemera kwambiri, gawo limodzi mwa magawo asanu a mabanja onse a m'dziko. Choncho nsima yaulere ya ku kafiteriya yakale inali msonkho wa mlimi wa fodya wa ku Kasungu ukudyetsa mwana wa bwana wa ku Area 10. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndi chifukwa chake sindikupempha kuti tibwerere ku nthawi imene aliyense ankadya ulere. Koma tiitsatire mfundoyo mpaka kumapeto kwake. Ngati vuto ndi lakuti mayunivesite a boma adzaza ndi ana a opeza bwino, njira yothetsera ndi kuonetsetsa kuti wosauka mmodzi amene wadutsa sefa yonse ija asagwe. Dongosolo la lero likuchita zosiyana ndi zimenezo. Mwana wa bwana amalipira fizi yomweyo, ndalama yochepa poyerekeza ndi imene makolo ake ankalipira ku sekondale yapulaiveti, ndipo amadya katatu. Mwana wa mlimi amalandira ngongole yosakwana n'kumapikisana naye pa mayeso omwewo. Amene angathe kulipira alipire mokwanira, ndipo ndalama yopulumutsidwayo ipite m'mbale ya amene sangathe.

Ena amati yunivesite si hotela, ntchito yake ndi kuphunzitsa ndi kufufuza, ndipo makafiteriya akale ankadya ndalama zambiri, chakudya chikubedwa ndi kutayidwa. Zoti panali kusakaza sindikana. Koma sukulu imene imadziwa kuti ophunzira ake akukomoka ndi njala m'kalasi singanene kuti nkhaniyo ndi ya wina, chifukwa phunziro limene mphunzitsi wakonza silikufika kumene likupita. Ndipo kudyetsa ophunzira sikutanthauza kuti yunivesite ilembenso ophika mazanamazana. Wophunzira mmodzi akamagula ufa wa pa kapu ndi mafuta a m'kapepala, amalipira mtengo wokwera kuposa wina aliyense pamsika. Sukulu yogula chimanga ndi nyemba nthawi yokolola, mochuluka, kwa magulu a alimi oyandikana nayo, ikhoza kupereka mbale yomweyo pa mtengo wotsika kwambiri. Gawo lina la upkeep likhoza kupita mwachindunji ku chakudya chotere, wophunzira n'kumadya ndi khadi lake kawiri patsiku, ophikawo n'kukhala amalonda amene apikisana ndipo mtengo wawo wagwirizanidwa. LUANAR ili ndi minda ndi ziweto ku Bunda, ndipo imaphunzitsa anthu amene amalangiza dziko lonse za ulimi ndi kadyedwe koyenera. N'zomvetsa chisoni kuti wophunzira wa pamalo otero agone ndi njala. Za mahostelo nazo zili ndi njira. Mayunivesite athu ali ndi malo, ndipo mabungwe osunga ndalama za penshoni amafuna koika ndalama kwa zaka zambiri. Mgwirizano wotere ndi wabwino pokhapokha ngati mtengo wa bedi uli wofikirika ndi wophunzira wa ngongole, ndipo mabedi ena asungidwira a chaka choyamba, atsikana ndi aulumali. Hostelo yokongola imene angaikwanitse ndi ana a mabwana okha siichotsa munthu ndi mmodzi yemwe ku Chikanda. Pamene mahostelo akumangidwa, yunivesite ndi khonsolo ya mzinda zikhoza kulemba m'kaundula nyumba zonse zogonamo ophunzira, kuziyendera, ndi kuuza ophunzira atsopano zimene zili zoyenera. Zimenezi sizifuna ngongole ya kunja.

Mfundo yachitatu imanenedwa kwambiri m'maminibasi: ana a masiku ano upkeep ikalowa amathera ku mowa ndi mafoni, ndipo ngongolezo sabweza. Alipo otero, monga alipo akuluakulu amene malipiro awo amathera ku bala tsiku la 30. Koma K2,300 patsiku ya mu 2024 ija sinali ndalama yoti munthu angasakaze kwambiri, ndipo foni lero ndi chida cha sukulu, popeza zolemba za aphunzitsi, ndandanda ya mayeso ndi zotsatira zimadutsa pa intaneti ndi pa WhatsApp. Kwa amene akuopa kusakaza, chakudya cha pa khadi chija ndi yankho lokwanira. Za kusabweza ngongole, tiyang'ane bwino amene sakubwezawo. Bungwe la ngongole linapatsidwa ntchito yotolera ngongole zoyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo ambiri mwa amene anazitenga nthawi imeneyo ndi anthu amene ankagona m'hostelo ndi kudya katatu, amene lero ali m'maofesi a boma, m'mabanki, m'makhoti ndi m'Nyumba ya Malamulo. Ngongole zawo zinali zazing'ono, ndipo kugwa kwa kwacha kwazichepetseratu. Munthu wotere akamanena kuti ana a lero ndi osayamika, ayambe waonetsa lisiti. Lamulo limapatsa olemba ntchito udindo wothandiza kutolera ngongolezi, ndipo boma, limene ndi lolemba ntchito lalikulu m'dziko muno, lilibe chifukwa cholepherera kudula pa malipiro a antchito ake omwe. Palinso masamu ena osavuta. Wophunzira amene wasiyira m'chaka chachitatu watenga kale ngongole ya zaka ziwiri kapena zitatu, digiri alibe, ntchito yolipira bwino sadzaipeza, ndipo ngongoleyo sadzabweza. Kumupatsa ndalama yosakwana ndi njira yotsimikizika yotayira ndalama yonseyo.

Mbale ndi bedi zikakhalapo, m'pamene thandizo lina limayamba kugwira ntchito. Yunivesite iliyonse ya boma ili ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ndi kachipatala kake, koma maofesi amenewa anakonzedwa nthawi imene ophunzira anali ochepa ndipo onse ankagona pamalo amodzi. Lero ayenera kutumikira anthu zikwi zambiri omwazikana m'makwalala a tauni. Wophunzira amene wasweka mtima ndi ngongole ya katapila, kapena amene akuopa kuuza makolo kuti wabwereza chaka pomwe anagulitsa mbuzi zonse, amafunika munthu wophunzitsidwa bwino za uphungu woti alankhule naye mwachinsinsi, ndipo amafunika kudziwa chitseko chake sabata yoyamba yomwe. Mzinda wa Zomba uli ndi chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, Mzuzu ili ndi St John of God, ndipo mayunivesite athu omwewo ndi amene amaphunzitsa akatswiri a za maganizo a munthu. Nzeru zilipo, chosowa ndi kuziika pafupi ndi wophunzira. Wophunzira wosaona amafunika zolemba za m'kalasi mu Braille kapena pa kompyuta yolankhula nthawi yomwe anzake akuzilandira, osati mayeso atayandikira. Woyenda pa njinga ya olumala sangakhale ku nyumba ya lendi ya kuseri kwa khwawa. Ndipo mwana wochokera ku sekondale yoyendera, amene kompyuta akuikhudza koyamba ali ku yunivesite, amafunika milungu ingapo yomuzoloweza asanayambe kupikisana ndi anzake a ku Kamuzu Academy.

Pali chinthu chinanso chimene wogona kunja ndi wanjala amataya, chimene sichilembedwa pa satifiketi. Mbiri ya Chancellor College sinapangidwe m'makalasi mokha. Gulu la alembi limene linayamba mu 1970, mmene munadutsa anthu ngati Jack Mapanje, linkakumana kunja kwa nthawi ya maphunziro. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre linkatengera masewero kwa anthu a m'matauni ndi m'midzi. Mikangano ya m'mabungwe a ophunzira, makwaya, mipira, mapemphero a madzulo ndi macheza a m'makonde a hostelo ndi zimene zinkakumanitsa mwana wa ku Karonga ndi wa ku Mulanje, n'kuwaphunzitsa kutsutsana popanda kudana. M'dziko limene nkhani ya kota, njira yosankhira ophunzira a ku yunivesite potengera maboma ochokera, inatigawa kwa zaka zambiri mpaka inathetsedwa mu 2020, kukumana kotereku ndi kwa mtengo wapatali. Maubwenzi a pamenepo ndi amenenso amadzatsegula zitseko za ntchito. Wophunzira amene amathamangira ku Chikanda dzuwa lisanalowe kuti akakoleze mbaula amaphonya zonsezi, ndipo amatuluka ndi digiri yofanana ndi ya mnzake pa pepala koma yopepuka m'zinthu zimene wolemba ntchito amaziona pa mphindi zisanu zoyamba za intavyu.

Chiwerengero cha ogogoda pageti chikwera ndithu. Boma linalengeza kuti maphunziro a m'sekondale za boma akhale aulere kuyambira mu January 2026, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amadalira anthu ophunzira kuti dziko litukuke pa ulimi, mafakitale ndi mizinda. Ana ambiri a m'mabanja osauka adzafika pa MSCE, ndipo ena mwa iwo adzasankhidwa. Zina zofunika kuwakonzera zimafuna ndalama zambiri ndi zaka, monga mahostelo. Zina zimangofuna dongosolo. Bungwe la ngongole ndi mayunivesite agwirizanitse makalendala awo kuti upkeep izilowa sukulu isanatsegulire, ndipo izilowa mwezi ndi mwezi m'malo mwa chimtolo chimodzi chimene akatapila amachidikirira. Ndalamayo iziunikidwa chaka chilichonse potengera mtengo wa chimanga ndi lendi m'mizinda imene muli mayunivesite, monga mmene bungwe la Centre for Social Concern limawerengera mtengo wa zofunika pa moyo wa banja. Kusankha oyenera ngongole kuzifika mpaka kumudzi, kwa aphunzitsi aakulu a sekondale ndi alangizi a zachitukuko amene amalidziwa banjalo, kuti fomu yodzazidwa mochenjera pa intaneti isapose umphawi weniweni. Ndipo yunivesite iliyonse, pamene ikulengeza monyadira chiwerengero cha omaliza maphunziro, izilengezanso kuti mwa amene analowa nawo chaka choyamba ndi angati sanafike, anali ochokera ku sekondale ziti, ankagona kuti, ndipo ndi angati mwa iwo anali pa ngongole. Aphungu a Nyumba ya Malamulo azikhala ndi nambala zimenezo patsogolo pawo pokambirana ndalama za maphunziro apamwamba.